Funsani Azamba: Mwana Wanga Anabadwa Wochepa Thupi

Zikomo azamba. Mwana wanga woyamba anabadwa miyezi itakwana, koma anangolemera makilogalamu 2.1. Pano ndili ndi pakati pa miyezi inayi. Apongozi akuti ndichepetse kudya, mazira ndisakhudze n'komwe, kuti ndidzachire mosavuta. Ndiwamvere?
Mayi wa ku Bangula, Nsanje

Mayi, apongozi akukufunirani zabwino, koma apa ayi. Mwana wosakwana makilogalamu 2.5 amazizidwa msanga, amayamwa mofooka, ndipo matenda samuchedwa.

Kwathu kuno kuchigwa, mwana akabadwa wochepa thupi, ine ndimayamba kuganizira malungo. Udzudzu wa m'madambo a Shire mukuudziwa, makamaka madzi akasefukira. Tizilombo ta malungo timabisala m'nsengwa, momwe mumadutsa chakudya cha mwana. Inu mutha kumalima bwinobwino osamva kutentha thupi, mwana akuperewera m'mimbamo. N'chifukwa chake kusikelo amakumwetsani Fansidar miyezi itatu yoyamba ikadutsa, kosachepera katatu, motalikana mwezi. Inu nthawi yakwana kale, pitani sabata ino. Neti nayo muzigonamo, ngakhale ndikudziwa mmene kumatenthera mu Okutobala.

Mapiritsi owonjezera magazi musawasiye poti akukuchititsani nseru. Imwani mutadya, pogona. Auzeninso akusikelo akuyezeni BP ulendo uliwonse, chifukwa ikakwera mwana sakula bwino.

Mazira idyani. Mlamba, makakana, nandolo, sangowa wotendera, zonsezo. Ulendo wakusikelo wotsatira, atengeni apongoziwo tidzacheze nawo.