Tikusasula denga ndi kuwonjezera zipinda, kodi inshuwalansi yathu itilipira zikavuta?

Mayi wina anditumizira imelo ndipo ndaona kuti ndiwayankhe pano chifukwa si iwo okha amene ali ndi funso limeneli. Alemba chonchi mwachidule: "Nyumba yathu ili ndi inshuwalansi kale ndipo timalipira osaphonya. Panopa tikufuna kusasula denga tiike latsopano, tiwonjezere zipinda ziwiri kumbuyo, khitchini nayo tiisunthe. Mmisiri akuti ntchito itenga miyezi itatu ndiye tikakhala kaye kwa achibale. Iyeyo akuti palibe chifukwa chowauzira a inshuwalansi poti nyumba ndi yomweyo. Kodi chinachake chitachitika pakatipa atilipira?"

Amayi, zikomo pofunsa ntchito isanayambe, ambiri amafunsa madzi atalowa kale m'nyumba. Yankho langa ndi lakuti musamvere mmisiriyo pa nkhani iyiyi. Akhoza kukhala katswiri pa njerwa ndi simenti koma pa inshuwalansi wakusokeretsani. Auzeni a kampani yanu, ndipo muwauze polemba, lilata ngakhale limodzi lisanachoke padenga.

Chifukwa chake ndi ichi. Tsiku limene kampani inavomera kukupatsani inshuwalansi inawerengera nyumba yomwe ili ndi denga, zitseko zokhoma, mawaya a magetsi ali m'malo mwake komanso anthu akugonamo usiku ulionse, ndipo ndalama yomwe mumalipirayo anaiika poyang'ana zimenezo. Nyumba yosasula, khoma lina ataligumula, anyamata osawadziwa akulowa ndi kutuluka tsiku lonse, wina akuwotcherera zitsulo pafupi ndi matabwa, eni ake kulibe, imeneyo kwa iwo ndi nyumba ina olo adilesi ikhale yomweyo. Ma policy ambiri, mapepala a mgwirizano wa inshuwalansi aja, amalemba poyera kuti chiopsezo chikasintha muyenera kuwadziwitsa, mukapanda kutero ali ndi pothawira tsiku la claim, lomwe mukupempha kuti akulipireni. Nkhani youza a inshuwalansi zoona zonse si yatsopano ayi, ku England woweruza Lord Mansfield anaifotokoza kale mu 1766 pa mlandu wa Carter ndi Boehm, kuti amene akufuna inshuwalansi ndi amene amadziwa bwino zinthu zake ndiye asabise, ndipo mfundo imeneyo inafalikira m'malamulo a mayiko ambiri.

Ndipo musaone ngati akungokokomeza. Nyumba ikamakonzedwa ndi pamene moto umavuta kwambiri. Windsor Castle, nyumba yachifumu ya ku England, inapsa mu November 1992 ntchito yokonza ili mkati, nyali yowala kwambiri inatenthetsa katani basi moto ndi umenewo. Tchalitchi cha Notre-Dame ku Paris chinapsa pa 15 April 2019 chikukonzedwanso. Amenewo ndi malo oyang'aniridwa ndi akatswiri usana ndi usiku, nanji nyumba ya ine ndi inu.

Tsopano pamene pandidetsa nkhawa kwambiri mu imelo yanu ndi pa miyezi itatu mukuti mukakhala kwa achibaleyo. Tatsegulani policy yanu mufufuze pomwe akukamba za nyumba yopanda anthu. Ma policy ambiri amati nyumba ikakhala yosagonamo munthu masiku 30 otsatizana, ena 60, chitetezo china chimachepa kapena kuima kumene, makamaka cha kuba, kuphwanya zinthu mwadala ndi madzi otuluka m'mapaipi. Miyezi itatu ndi masiku ngati 90, ndiye mwadutsa malire onse awiri. Amisiri kubwera masana nthawi zambiri sikuwerengedwa ngati kuti nyumbayo mukukhala anthu, ndipo olo mutaika mlonda musangoganiza kuti zatheka, afunseni ngati iwo akuvomereza zimenezo. Akhoza kukuuzani kuti muwonjezere ndalama pang'ono kwa miyezi imeneyo, kapena kukupatsani malamulo oti muzitseka madzi pa mita, wina azibwera kudzayendera sabata iliyonse. Bola zimenezo kusiyana ndi kumva mawu oti sitilipira.

Za denga. Taganizani malata onse achoka, atsala matabwa okhaokha, amisiri aphimba ndi pulasitiki nkuweruka, usiku mphepo yakoka pulasitikiyo mvula nkugwa. Mmawa mukupeza siling'i yafufuma yagwera pansi, makabati a m'khitchini amwa madzi, penti yatupa, masoketi anyowa. Inu mudzati ndi mvula yamkuntho, policy yanga imalipira zimenezi. Iwo adzati mvula inalowa chifukwa nyumba inalibe denga ndipo inu simunatiuze. Pamenepa ndi pomwe pamafunika inshuwalansi ina ya ntchito yomanga, mayiko ena amaitcha contractors all risks, ena builders risk. Imeneyo imateteza ntchito imene ikumangidwayo ndi zipangizo zomwe zili pamalopo, ku moto, mphepo, madzi, nthawi zina ndi kuba komwe. Akhoza kuigula kontrakitala kapena inuyo, chachikulu mugwirizane polemba kuti agula ndani, chifukwa chomwe chimachitika kawirikawiri nchakuti aliyense amaganiza kuti mnzake wagula. Ndiye mufunsenso bwinobwino ngati ikuteteza nyumba yakaleyo kapena zipinda zatsopano zokha, poti zambiri zimangoona gawo latsopano, yakaleyo imafuna kuitchula payokha. Moto sudzasankha kuti ichi nchipinda chatsopano.

Mmisiri wanuyo mumufunse mapepala awiri. Loyamba la inshuwalansi yolipira anthu ena akavulala kapena katundu wawo akaonongeka chifukwa cha ntchito yake, ija amati public liability. Njerwa yagwa pa scaffold, nsanja yomwe amisiri amakwerapo, yaphwanya galasi la galimoto ya aneba, pokumba maziko a zipinda zakumbuyozo mpanda wa aneba wang'aluka, mwana wadutsa wagwera m'dzenje lomwe sanatchinge. Ngati iye alibe, anthu amenewo adzabwera kwa mwini malo, ndinu. Lachiwiri ndi la antchito ake akavulala pa ntchito, zimenezi malamulo amasiyana dziko ndi dziko koma funso ndi lomwelo, mnyamata akagwa pa denga nkuthyoka msana alipira chipatala ndani, nanga banja lake lidya chani miyezi yomwe sakugwira ntchito. Ine nkhani imeneyi imandikhudza kwambiri kuposa ya makabati, chifukwa kabati mugula ina.

Akakupatsani mapepalawo musangoyang'ana chidindo nkubweza. Onani dzina ngati ndi lake kapena la kampani yake, onani deti lothera ngati likudutsa tsiku lomwe ntchito ithe, kenako imbani ku kampani yomwe yalembedwapo mufunse ngati policy imeneyo ikugwiradi ntchito, poti munthu amatha kutenga pepala nkusiya kulipira mwezi wotsatira. Ngati akubweretsa wa magetsi ndi pulambala apadera, funsani ngati nawonso ali mkati. Ndikudziwa kuti amisiri ambiri abwino ndithu alibe mapepala amenewa, ndipo sindikuti muwathamangitse. Koma zikatero dziwani kuti katundu yense mwasenza ndinu, ndiye pitani kwa ejenti wanu wa inshuwalansi mumuuze zoona kuti mmisiri wanga alibe chilichonse, ndigule chani ineyo. Chimodzimodzi ngati mukulemba aganyu nokha tsiku ndi tsiku, pamenepo bwana ndinu.

Pali china chomwe anthu amakhumudwa nacho. Inshuwalansi ya nyumba nthawi zambiri silipira ntchito yosalongosoka. Khoma lapindika, matailosi akusweka pakatha mwezi, denga likudontha chifukwa anakhoma molakwika, zimenezo ndi za inu ndi mmisiri, ndiye chitetezo chanu pamenepo ndi kontrakiti yolemba, kulipira pang'onopang'ono motsatira pomwe ntchito yafika, ndi kusungako kagawo komaliza mpaka mutakhutira. Ma policy ena amalipira zomwe zaonongeka chifukwa cha ntchito yoipayo koma osati kukonza ntchitoyo, mwachitsanzo paipi yolumikiza molakwika yaphulika, akulipirani pansi ndi makoma zomwe zanyowa koma paipiyo ayi. Izi zimasiyana, funsani yanu.

Simenti, matailosi, mawaya a kopa, giza yatsopano ili m'katoni, zonsezi mbava zimazikonda ndipo ma policy ambiri safuna kulipira katundu wobedwa popanda chizindikiro choti athyola, komanso wobedwa ndi anthu omwe munawalola nokha kulowa. Musagule zonse kamodzi nkuunjika panja. Katundu wanu wa m'nyumba amene mukusamutsa naye mufunse ngati akutetezedwa komwe mukukamuika.

Pulani ivomerezedwe ndi khonsolo kapena ofesi yoona zomangamanga kwanuko, magetsi akoke munthu wa ziphaso ndipo pepala lake musunge. Moto ukadzabuka chifukwa cha mawaya, limenelo ndi limodzi mwa mafunso oyamba. Ngati nyumbayo muli nayo pa ngongole ya banki, a banki nawo auzeni.

Ndiye ntchito ikatha musaiwale kubwereranso, apa ndi pomwe ambiri amaluza ndalama mwakachetechete. Nyumba imaikidwa pa inshuwalansi potengera ndalama yoimanganso itagwa yonse, osati mtengo woigulitsa, malo sawerengera poti dothi silipsa. Mukawonjezera zipinda ziwiri ndi khitchini yatsopano ndalama yomangiranso yakwera, koma policy ikadali pa nambala yakale. Tingotenga manambala osavuta. Kale kumanganso kunali 100 ndipo munaika 100, pano kwafika 150 inu simunasinthe. Moto wagwira khitchini yokha, zoonongeka zakwana 30. Mukuganiza kuti poti 30 ndi yochepa kwa 100 akupatsani yonse eti? Ma policy ambiri ali ndi ndime yotchedwa average, amati munateteza magawo awiri mwa atatu a nyumba ndiye tikupatsani magawo awiri mwa atatu a claim, yomwe ndi 20, kenako achotsepo excess, ija mumayamba mwalipira nokha. 10 yotsalayo ndi ya m'thumba mwanu. Ineyo ndimalangiza kukweza nambalayo ntchito ili mkati osadikira mapeto, ndipo ngati mungathe pezani quantity surveyor kapena munthu wodziwa kuwerengera mitengo ya zomanga akuuzeni nambala yeniyeni, osangolota. Mukaika sola padenga itchuleni. Ndipo ngati zipinda zakumbuyozo mukufuna kuikamo alendi kapena kuchitiramo bizinesi, nenaninso, chifukwa kagwiritsidwe ntchito ka nyumba kasintha. Mbali yabwino ndi yakuti denga latsopano ndi mawaya atsopano zimachepetsa chiopsezo, makampani ena amatsitsako premium, ndalama yomwe mumalipira ija, ndiye funsani osachita manyazi.

Sabata ino, amayi, tengani foni muzungulire nyumba yonse mujambule chipinda chilichonse, siling'i, pansi, makoma, mpanda wa aneba mbali yanu makamaka ngati uli kale ndi ming'alu, zithunzizo muzisunge pa intaneti osati mu foni mokha. Malisiti onse a zipangizo aziikidwa malo amodzi. Kenako lembani imelo kwa kampani kapena ejenti wanu, munene tsiku loyamba ndi lomaliza, kuti denga lichoka, makoma ati agumulidwa, ndalama yonse ya ntchito, dzina la kontrakitala, komanso kuti m'nyumbamo simugona munthu kwa miyezi itatu. Afunseni chomwe chikhalebe chotetezedwa, chomwe chiime, ndi chomwe mukuyenera kuwonjezera. Akakuyankhani pa foni kuti palibe vuto, apempheni alembe zomwezo pa imelo, ndipo mmisiri adikire kaye mpaka yankho limenelo litafika.