Mwana wa zaka 5 pa jeti: ndodo yanu isiyeni kunyumba

Bambo wina wandilembera kuti mwana wake wa zaka 5 sakumugonetsa tulo, akufuna kukawedza pa jeti ya kunyanja yamchere, mlatho uja wochoka pagombe n'kukathera m'madzi, koma bamboyo sanagwirepo mbedza chibadwire. Funso lake n'lakuti agule chiyani. Bambo, ndikuyankhani, koma mundilole ndiyambe ndaulula tchimo langa, pakuti kalata yanu yandikumbutsa tsiku lomwe sindikonda kulikamba.

Mwana wanga wamkazi anali ndi zaka 4 pomwe ndinapita naye koyamba. Ndinali nditagula chindodo cha mamita 3, mbedza zikuluzikulu, ndi mtovu wolemera woti ndiziponya kutali. Kunena zoona, ulendowo unali wanga, mwanayo anali chophimba m'maso chabe. Ndinkafuna nsomba yojambulitsa nayo chithunzi. Tinafika dzuwa lili paliwombo, madzi ataphwa, ali zii osayenda. Ndinaponya, n'kumuuza kuti akhale chete nsomba zingathawe. Mphindi 20 zisanathe anali atayamba kuwerenga misomali ya m'matabwa, kenako ludzu, kenako kuchimbudzi, kenako funso lija loti tipita nthawi yanji. Ine mtima unayamba kutentha. Ndikukokera ndodo kumbuyo kuti ndiponyenso, osacheuka, mbedza inakola chipewa chake n'kuchiulutsira m'madzi. Chipewa, abale. Pakati pa chipewa ndi diso panali mtunda wa zala zitatu zokha. Mpaka lero ndikaganiza, m'mimba mumandizizira.

Anatipulumutsa ndi mkulu wina amene ankawedza chapafupi. Ine sanandilankhule, anangondiyang'ana kamodzi, ndipo kuyang'anako kunandikwana. "Tabwera kuno, mwanawe," anatero. Anamupatsa kandodo kakafupi, kambedza kakang'onong'ono, pamenepo n'kukolekapo kachidutswa kofanana ndi chikhadabo ka squid, nyama ya m'nyanja yamchere yopanda mafupa, ya miyendo yambiri. Sanaponye. Anangotsitsa ulusi pansi pomwepo, m'mbali mwa mzati wa jetiyo. Posakhalitsa nsonga ya ndodo inayamba kunjenjemera, mwana n'kukoka kansomba kosakwana chikhatho changa. Mfuu yake inamveka mpaka kumtunda. Misozi ya chipewa ija inaiwalika.

Chimene mkuluyo ankadziwa n'chakuti nsomba za pa jeti zimakhala pansi pa mapazi athu. Pa mizati pamamera ndere, pamamatirira tinkhono, pamabisala tinkhanu, ndipo tinsomba timabwera kudzadya zimenezo ndi kuthawira mumthunzi. Ife oyamba kumene timaponya kutali, kulumpha nsomba zonsezo, kukagwetsa nyambo pamchenga popanda kanthu.

Ndiye apa ndinene mosapsatira, ena akwiye akwiye. Kholo lopita ndi mwana wamng'ono pa jeti lisamawedze. Ndodo ikhale imodzi, ya mwanayo. Ndikaona bambo atayimika ndodo zitatu, maso ali pa foni, kamwana kakusuzumira pakati pa zitsulo za m'mphepete, ndimafuna kumulanda zonsezo. Munthu sangayang'anire nsonga ya ndodo ndi mwana nthawi imodzi, ndinayesa ine. Ndipo asakunamizeni kuti mwana aphunzire kudikira. Wa zaka 5 kudikira kwake ndi kochepa, ndipo akatopa ulendo woyamba, wachiwiri sadzaufunanso. Tinsomba tating'ono 6 timaposa chinsomba chimodzi chimene sichinabwere.

Nkhani ya madzi nayo inandipweteka pambuyo pake, nditazindikira kuti tsiku lija ndinasankha nthawi yoipitsitsa. Nyanja yamchere imadzaza ndi kuphwa chifukwa cha mphamvu ya mwezi ndi dzuwa. M'magombe ambiri imadzaza kawiri pa tsiku, motalikirana pafupifupi maola 12 ndi mphindi 25, ndipo tsiku lililonse nthawiyo imachedwerako ndi mphindi ngati 50. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukakhala mumdima, madzi amadzaza kwambiri ndi kuthamanga mwamphamvu. Nsomba zimadya bwino madzi akamayenda, chifukwa ndi pomwe chakudya chimatengedwa. Nthawi za kudzaza ndi kuphwa kwa madzi zimapezeka pa intaneti, ndipo ine ndimakonda kufika kutatsala ola limodzi kapena awiri kuti madzi adzaze, makamaka ikakhala m'mawa dzuwa lisanapse.

Pali chinanso chimene chimandinyansa, poti ndayamba kale kudandaula. Anthu amadula ulusi n'kuutaya pomwepo, mbedza ili kumapeto. Ulusi umenewo suwola msanga, mbalame zimakodwa miyendo ndi mapiko, ndipo mwana wopanda nsapato amapondapo. Wanu avale nsapato zotseka, ndipo mumuphunzitse kutola ulusi wotayidwa. Wanga anafika pomadzudzula akuluakulu, ine manyazi ali tho, koma sindinamuletse.

Nanga mugule chiyani?

Choyamba jekete loyandamitsa la msinkhu wake, lokhala ndi lamba wodutsa pakati pa miyendo, ndipo alivale asanaponde jeti. Kenako kandodo ka mita imodzi ndi theka, ulusi wotha kunyamula makilogalamu 5 osaduka, mtovu wa magalamu 30, ndi mbedza za nambala 6 kapena 8. Dziwani kuti nambala ikamakwera mbedza imachepa. Kamnga kakumapeto kwa mbedza mukafinye ndi pulayazi kuti ikabaya chala ituluke mosavuta, ndipo pa ulusi pakhale mbedza imodzi yokha, osati zija zambirimbiri zomangidwa pamodzi. Nyambo ikhale squid kapena shrimp, tinyama ta m'madzi ta mtundu wa nkhanu. Squid ndi yolimba, sichoka msanga tinsomba tikamajompha.

Nsomba yomwe simukuidziwa musaigwire ndi manja, zina zili ndi minga yaululu pamsana kapena kumchira. Funsani owedza anzanu, amakonda kufunsidwa. Yobwezera m'madzi muigwire ndi manja onyowa. Funsaninso za chiphaso ndi kukula kwa nsomba zololedwa kutenga, popeza malamulo amasiyana malo ndi malo. Tengani madzi akumwa, kansanza kopukutira, ndi ndowa yoti mwana aonere nsomba yake ikusambira asanaibweze. Ola limodzi lakwana, muchoke iye akadafunabe. Mukafika kunyumba tsukani ndodo ndi chokulungira ulusi ndi madzi opanda mchere, apo ayi ulendo wotsatira mudzapeza zachita dzimbiri. Chipewa cha mwanayo chikhale chachingwe chomanga pachibwano.