Musanagule mfuti, yambani mwawombera ya mpweya

Achimwene, ndaona funso lanu. Muli kuno ku Johannesburg, mwatengeka ndi mipikisano yowombera chandamale ndi pisitolo, ndiye mukufunsa kuti mugule iti pakati pa Glock 17 ndi CZ Shadow 2. Zonsezo ndi mfuti zabwino za zipolopolo za 9mm, koma ine ndikuti panopa musagule iliyonse. Funsolo lafulumira.

Tiyambe ndi mapepala, poti m'pamene ambiri a ife timakodwa. Lamulo la mfuti la dziko lino, Firearms Control Act 60 ya chaka cha 2000, sililola munthu kulandira laisensi asanatenge chiphaso cha competency, chosonyeza kuti ndi woyenera kukhala ndi mfuti, ku polisi. Kuti chiphasocho chituluke muyenera kukhala nzika ya South Africa kapena kukhala ndi permanent residence (chilolezo chokhazikika m'dziko muno), ndipo kawirikawiri amafuna zaka 21 zikhale zitakwana. Simunanene pepala limene muli nalo, koma ngati ndi pemiti ya ntchito kapena ya sukulu, zokhala ndi 9mm yanuyanu ziikeni kaye pambali. Wina akakunong'onezani kuti akudziwa njira yachidule, m'thaweni. Mfuti yopanda laisensi mathero ake ndi ndende, ndipo potuluka kumeneko mumapeza ulendo wakumudzi ukukudikirani.

Zimenezi sizikutanthauza kuti mukhale pansi. Ndime 22 ya lamulo lomwelo imalola mwini laisensi kuti munthu wina awombere ndi mfuti yake, bola iye mwini ali pomwepo akuyang'anira, ndiye ku kalabu mukhoza kuilawa 9mm ija popanda kulakwira aliyense. Koma chimene ndikufuna muchigwire zolimba ndi ichi: pisitolo ya mpweya ya 4.5mm safunira laisensi kuno. Anyamata ena amaiseka, amati ndi legeni ya azungu. Asiyeni aseke. Imeneyi ndi imene anthu akhala akutengera mamendulo ku Olympics kuyambira 1988 ku Seoul.

Masewero ake amaoneka ophweka mukamaonera. Mumaima mamita 10 kuchoka pa chandamale, mfuti ili m'dzanja limodzi, osatsamira kalikonse, n'kuwombera ka 60 m'mphindi 75. Kabwalo kapakati kopatsa mapointi 10 ndi mamilimita 11.5 okha, chikhadabo cha chala chanu chachikulu chikhoza kukaphimba. Jin Jong-oh wa ku South Korea anapeza 594 pa 600 mu 2009. Inu tsiku loyamba mudzangothokoza kuti zipolopolo zonse zagwera papepala. Mwina munamuona Yusuf Dikeç wa ku Turkey uja, amene anatenga siliva ku Paris mu 2024 dzanja lili m'thumba ngati akudikira minibasi. Anthu ankati ndi matama, pamene owombera ambiri amaika dzanja linalo m'thumba kapena pa lamba kuti thupi lisagwedezeke. Bamboyo anali ndi zaka 51, ndipo ku Olympics anayamba kupitako mu 2008. Kudekha kumene munaona kuja n'kwa zaka zimenezo.

Chifukwa chimene ndikukukankhirani ku ya mpweya n'chakuti siinamiza. Munthu woyamba ndi 9mm thupi lake limaopa phokoso ndi kukankha kwa mfuti, ndiye amatsinzina n'kukankhira mfutiyo pansi chipolopolo chisanatuluke. Wa dzanja lamanja amangoona zipolopolo zikugwera pansi chakumanzere, n'kumati mfutiyo ndi yokhota. Chizolowezi chimenechi chikakulowani, kuchichotsa ndi miyezi. Ya mpweya ilibe phokoso, siikankha, ndiye chipolopolo chikapita kolakwika mumadziwa kuti ndi chala chanu. Komanso kachitini ka zipolopolo 500 mtengo wake sungafanane n'komwe ndi wa 9mm zochuluka choncho, ndipo masewero awa amafuna kuwombera kambirimbiri.

Zinthu ziwiri zimene zinandivuta kwambiri ine. Choyamba, diso lizikhala pa kachitsulo kolozera kakutsogolo kwa mfuti, osati pa chandamale. Chandamalecho chizioneka chachimbuuzi, n'zoyenera choncho, ngakhale mtima umakana. Chachiwiri, dzanja silidzaima njii, ngakhale la akatswiri limayendayenda. Musadikire kuti likafika pakati ndiye mukoke trigger (pokokera ndi chala paja kuti mfuti ilire) mwadzidzidzi. Yambani kuifinya pang'onopang'ono dzanja likuyenda choncho, mfuti ilire yokha. Mukaona kuti mwaloza nthawi yaitali ndipo phewa layamba kunjenjemera, tsitsani mkono, pumani, yambiraninso. Kutsitsa si manyazi. Kunyumba muziyeserera mulibe chipolopolo, mutaloza khoma loyera lopanda chizindikiro, mphindi 15 tsiku lililonse, n'kumaona ngati kachitsulo kaja kakudumpha mukafinya trigger. Funsani kaye ngati mfuti yanu imalola zimenezi, poti za sipuling'i zimawonongeka.

Za kugula, mayina aakulu ndi Steyr, Morini, Walther ndi Pardini, ndipo mitengo yake imaumitsa pakamwa. Simukuifuna panopa. Funsani ngati kalabu ili ndi zobwereketsa, kapena sakani yogwirapo kale monga Baikal IZH-46M. Chachikulu n'chakuti chogwirira chikwane dzanja lanu. Zija za CO2 zooneka ngati mfuti za m'mafilimu zimene amagulitsa m'misika zisiyeni, si za mpikisano.

Glock ndi CZ zimene mwatchula zija zikundiuza kuti mtima wanu uli ku mipikisano ya IPSC, kumene amathamanga n'kumawombera nthawi ikuwerengedwa. Kuno amayendetsa ndi a bungwe la South African Practical Shooting Association (SAPSA), ndipo dziko lino si lachilendo pa masewerowa: mpikisano wa dziko lonse unachitikirapo ku Roodepoort mu 1979 ndi ku Pietersburg, imene pano ndi Polokwane, mu 2002. Pitani mukaonere kaye kangapo, muthandize kumata mabowo pa zandamale, mumve mmene range officer, woyang'anira powomberapo, amalamulira. Kumeneko sakunyengererani. Mfuti ikaloza chakumbuyo pang'ono pokha, kapena chala chikakhala pa trigger mukusintha magazini (kachosungira zipolopolo), tsiku lanu lathera pomwepo. Ine zinandionekera pa mpikisano wanga woyamba, ndi mfuti ya mnzanga: chala chinatsalira m'kati, ndinangomva "stop", n'kubwerera kunyumba nditawombera zosakwana 20. Anachita bwino kundichotsa. Mapepala anu akadzalongosoka, mudzachita maphunziro ovomerezeka, competency, sefa yosungiramo mfuti, kenako laisensi ya ndime 15 kapena 16 ya lamulo lija. Ya 16 imafuna umembala wa bungwe lovomerezeka, koma ndiyo imakumasulani ku malire a zipolopolo 200 pa mfuti imodzi, zimene pa IPSC zimatha tsiku limodzi.

Imbani foni ku kalabu imene ili pansi pa South African Pistol Federation, muwauze kuti simunawomberepo n'kale lonse. Tengani magalasi otchinga maso, zotseka m'makutu, nsapato zafulati ndi kabuku kolembamo mapointi. Mukamaliza sambani m'manja musanagwire chakudya, zipolopolozo ndi za mtovu. Ndipo ya mpweya yomweyo muziinyamula m'bokosi lotseka. Pa msewu wa Johannesburg wapolisi kapena mlonda sangakufunseni kaye kuti ndi ya mamilimita angati.