Mwana wojambula zombo za m'mlengalenga musamulande laputopu

Mayi wina wa ku Kasungu wandilembera kalata yodandaula kuti mwana wawo wa Fomu 3 amachezera usiku pa laputopu ya amalume ake, kujambula mkati mwa chombo cha m'mlengalenga chimene anachiona m'filimu imene amaikonda, ndipo masamu ayamba kumuvuta. Bambo ake akufuna kumulanda laputopuyo kuti aike mtima pa udokotala, pomwe mnyamatayo akuti makampani a mafilimu akunja adzamulemba ntchito akadzaona zojambula zake pa Facebook.

Mayi, madandaulo otere ndimawamva kawirikawiri, ndipo chimene chimandikwiyitsa n'chakuti makolo ambiri amagamula mlandu asanayang'ane n'komwe chimene mwana wajambula. Pa chithunzi chimene mwanditumizira pali khonde lozungulira lokhala ndi zogwirira m'makoma ndi kudenga, tizipinda togona topanda mabedi, ndiponso timazenera ta mpweya pafupi ndi pogonapo. Zimenezi sanaziike mwangozi. Mu International Space Station, nyumba ya asayansi ya m'mlengalenga imene imazungulira dziko pa mtunda wa makilomita pafupifupi 400 kuchokera pansi ndipo mwakhala mukukhala anthu chiyambire chaka cha 2000, munthu amayandama, motero amayenda chogwirira ndipo amagona m'thumba lomangirira kukhoma. Mpweya nawonso umayenera kukankhidwa ndi mafani, apo ayi mpweya woipa umene munthu akutulutsa umaunjikana pankhope pake ali m'tulo. Mwana amene waganizira zonsezi akudzifunsa kuti munthu adutsa pati, agona pati ndipo apuma bwanji, ndipo amenewa ndi mafunso amene akatswiri ojambula mapulani a nyumba amakhalira tsiku ndi tsiku.

N'chifukwa chake ndikulangiza kuti ayang'ane ku maphunziro ojambula mapulani a nyumba, amene amaperekedwa ku yunivesite ya MUBAS, imene kale inali Polytechnic, ku Blantyre. Ntchito imeneyi ilipo m'dziko muno, pakuti sukulu, zipatala ndi nyumba zogona zikumangidwa m'matauni onse, ndipo luso lake loona malo m'maganizo asanamangidwe likagwira ntchito kumeneko. Koma bambo ake amve bwino: udokotala si wokakamiza, ndipo kulanda laputopu sikunakhozetsepo mwana Biology.

Tsopano iwe mnyamata, ndikuuze mosapsatira. Palibe kampani ya mafilimu imene idzakusake pa Facebook. Kuwonjezera apo, chombo chimene ukujambulacho chili ndi eni ake amene anachipanga m'filimumo, choncho ungachijambule pophunzira ndi posangalala, koma kuchigulitsa popanda chilolezo ndi kuphwanya malamulo oteteza zaluso, amene kuno kwathu amayang'aniridwa ndi bungwe la COSOMA. Chimene chingadzakudyetse ndi chombo chako, chochokera m'mutu mwako. Ndipo ukatsalira masamu, wadzitsekera wekha khomo, chifukwa kuti usankhidwe kupita ku yunivesite ya boma pamafunika makirediti 6 a MSCE kuphatikizapo Chingerezi, ndipo maphunziro a mapulaniwo ndi odzaza ndi masamu ndi Physics. Ngakhale khonde lako lija, kuti lioneke ngati likulowadi mkati, pamafunika miyezo ndi ngodya zimene ukuzithawa m'kalasi.

Luso uli nalo, ngakhale likadali losakhwima: zitseko zako n'zazifupi kuyerekeza ndi msinkhu wa anthu amene wawajambula, ndipo kuwala kukuchokera paliponse. Phunzira Blender ndi Krita, mapulogalamu aulere ojambulira amene ukawaika pa laputopu safunanso bandulo, ndipo ngati pasukulu panu pali Technical Drawing usaisiye. Yeza chipinda chimene umagona ndi tepi, uchijambule ndi miyezo yolondola, kenaka uchisandutse chipinda cha m'chombo.

Inu mayi, gwirizanani ndi bambo ake kuti azijambula Loweruka ndi Lamlungu, ndipo masiku a sukulu laputopu izitsegulidwa pokhapokha ntchito ya masamu yatha. Zotsatira za teremu ikubwerayi zikatuluka, mudzandilemberenso.