Kodi ife ndi Azulu ndife a magazi amodzi?

Bambo wina wa ku Ntcheu, amene akugwira ntchito yomanga ku Germiston, kuno ku South Africa, wanditumizira imelo. Akuti anzake Achizulu akamacheza amatolapo mawu ambiri ofanana ndi athu, ndiye akufunsa ngati kufanana kwa zilankhuloku kukutanthauza kuti makolo athu ndi amodzi.

Bambo, kumbali yaikulu, inde. Chichewa, Chizulu, Chishona ndi Chiswahili ndi za banja la Bantu, la zilankhulo zoposa 400, lomwe gwero lake ndi kumalire a Nigeria ndi Cameroon zaka 4,000 kapena 5,000 zapitazo. Anasamuka ndi anthu enieni, ndi mbewu zawo, osati mawu okha. Mu 2009 wasayansi Sarah Tishkoff ndi anzake atayeza DNA ya mitundu 121 ya mu Africa, anapeza kuti nthawi zambiri olankhula zilankhulo zapachibale amakhalanso pachibale m'magazi.

Koma kumene anafika kunali kale eni nthaka. Kuno kummwera anakwatirana ndi Akhoe ndi Asan, makamaka akazi, ndipo kuthethetsa lilime (ma "click") kumene mumamva m'Chizulu ndi Chixhosa kunachokera kumeneko. Kafukufuku wa ku yunivesite ya Wits, konkuno ku Johannesburg, anaonetsa mu 2021 kuti magazi a Akhoe ndi Asan ndi ochuluka mwa Atswana, koma ochepa kwambiri mwa Atsonga. Kwathu zinayenda mwina. Mafupa akale a ku Hora ndi ku Fingira kumpoto kwa Malawi, a alenje aja timawakumbukira kuti Akafula, atayezedwa mu 2017 anaonetsa kuti magazi awo pafupifupi sapezekanso mwa Amalawi a lero. Izi ine zimandikhudza, poti zojambula zawo zikadalipo m'miyala ya ku Chongoni.

Tsono inu a ku Ntcheu, ngati muli Mngoni, nkhani yanu ndi yapafupi. Angoni anachoka kuno m'nthawi ya Shaka. A Zwangendaba anawoloka Zambezi mu 1835, a Maseko nawo anadzera njira yawo. M'njira monse ankatenga anthu a mitundu ina, ndipo atakhazikika anakwatira Achewa ndi Atumbuka. Ana anayamwira chilankhulo cha amayi awo. Lero Mngoni wa kwa Gomani amalankhula Chichewa, wa ku Mzimba Chitumbuka. Chilankhulo chimatha kusintha m'mibadwo iwiri yokha, choncho musachitenge ngati umboni wa magazi anu. Afunseni agogo za mfunda wanu ndi kumene azimayi a pabanja panu anachokera.