Alamu, za koini ya m'kabokosi kakale ija

Alamu mwaswera bwanji uko ku Johannesburg, pepani uthenga wanu ndauona mochedwa, ndinali pa shifiti ya usiku nde ndangodzuka kumene. Kulemba sinditha, ndingoyankhula basi, ena pagulupa amene nkhani ya makobidi siikukukhudzani mungodumpha. Achemwali inu musadumphe, mumve bwinobwino chifukwa ndalama yake ndi ya m'nyumba mwanu imeneyi.

Nde mwati pali mkulu wina wakuntchito kwanu akugulitsa dola ya siliva ya ku America kuno, ija timati Morgan, ya 1881 ya chilembo cha S, ili m'kabokosi ka pulasitiki ka PCGS, kampani yopima makoini nkuwapatsa giredi, ka lebulo yobiriwira, palembedwa MS64, koma mwiniwakeyo akuti kale ankapima mokhwima nde imeneyi mutaitumiza lero ikhoza kubwera 65 mwinanso 66, ndiye akufuna mumupatse mtengo wa 65. Inu mukufunsa kuti kodi zoona zimenezi, magiredi a m'timabokosi takale ndi odalirika kuposa a lero? Eee. Mkuluyo sakunama kwenikweni, koma wakuuzani theka la nkhani, theka lomukomera iyeyo.

Ndiyambe ndi manambalawa kaye kuti tiyendere limodzi. Amawerenga kuyambira 1 mpaka 70, anayambitsa ndi munthu wina dzina lake William Sheldon mu 1949, poyamba zinali za masenti akuluakulu akale a mkuwa kenako zinafalikira ku makoini onse. Kuyambira 60 kupita m'mwamba ndi koini imene sinayendepo m'manja mwa anthu, ndiyo MS imeneyo. Nde pakati pa 64 ndi 65 alamu kusiyana kwake ndi kochepetsetsa, tizipsera tiwiri titatu pa tsaya la mayi ali pa koiniyo, kapena kuwala kwake kukhala kozirala pang'ono, basi. Si sikelo ayi, ndi maso a anthu, akatswiri angapo amaizunguza pansi pa nyali masekondi ochepa nkugwirizana nambala. Koini yomweyo mutaitumiza katatu sizodabwitsa kubwera ndi manambala awiri osiyana.

PCGS inayamba mu 1986 ku California, NGC, kampani inanso yopima makoini, inatsatira mu 1987, lero ili ku Sarasota ku Florida. Timabokosi toyambirira ta PCGS tinali tating'ono ndipo koini inkagwedera mkati, ukagwedeza kamalira kuti khwechekhweche, nchifukwa chake anthu amati rattler, zimenezo ndi za 1986 mpaka 1989. Kenako kunabwera ka lebulo yobiriwira ngati kanuko, cha m'ma 1990 mpaka 1998, ogulitsa amangolemba kuti OGH, kutanthauza kabokosi kakale kobiriwira. A NGC takale tawo ndi tonenepa, amati fatty. Nde ndi zoona ndithu, anthu ambiri amene akhala mu bizinesi imeneyi amavomereza kuti zaka zoyambirira zija dzanja linali louma, giredi ya 65 sankangopereka, ndipo m'kupita kwa zaka manambala akhala akukwera pang'onopang'ono, mpaka analipatsa dzina loti gradeflation, ngati mmene kwacha imachitira, nambala kukula koma katundu yemweyo. Komanso nthawi imeneyo kunalibe ka plus kaja, 64+ kapena 65+, kanabwera mu 2010, nde koini yokongola kwambiri koma yosafika 65 inkangolembedwa 64 basi. Mpaka apa mkuluyo ali pa mzere.

Koma tamverani theka linalo. Alamu inu kaunjika mumamudziwa. Belo likatsegulidwa mmamawa ku Tsoka kapena kwa Chinsapo, amene amalawirira aja ndi amavenda odziwa, amatola majekete abwino onse, majini a lebulo, pofika 10 koloko zatha. Inu mukafika madzulo wogulitsa nkumakuuzani kuti bwana belo ili ndi la fesiti giredi, sakunama, belo linalidi labwino, koma zatsala pansizo ndi zimene manja makumi awiri anazigwira nkuzisiya. Timabokosi takale nchimodzimodzi. Kuno kuli anthu ntchito yawo ndi imeneyo basi, kuyenda mawonetsero a makoini ndi kagalasi kokuzira pakhosi, kusaka makoini opimidwa motsika, kuphwanya kabokosi, kutumizanso kuti akwere giredi, ndipo akhala akuchita zimenezo kuyambira m'ma 1980 momwemo. Kabokosi kanuko katha zaka pafupifupi 30 kapena kuposa. Dzifunseni, kadutsa m'manja angati, nanga bwanji onsewo sanakaphwanye? Nthawi zambiri yankho ndi limodzi mwa awiri, loyamba, mwina anaiona kuti ndi 64 yeniyeni yopanda kwina kopita, mwinanso opima anaichitira chifundo tsiku loipima lija moti itatuluka ikhoza kutsika, lachiwiri, ndi koini yoti ngakhale itakwera phindu lake silingabweze ndalama yotumizira. Zilipo ndithu zimene zinagona m'sefa ya agogo ena zaka zonsezi osagwiridwa ndi munthu, zimenezo nde belo losatsegula, ma dila amazilimbirana, koma imene yafika mpaka pa tebulo la kantini yakuntchito kwanu ndi nkhani yokonzeka kale pakamwa, mmm, ine ndikukayika.

Nde yanuyo ikugwera pa yankho lachiwiri lija. 1881-S, S ameneyo ndi San Francisco, muona kachilembo kumbuyo pansi pa chiwombankhanga pamwamba pa mawu oti DOLLAR, imeneyo ndi imodzi mwa ma Morgan opezeka kwambiri ali okongola. Anazisindikiza bwino, zinagona m'matumba mosungira chuma cha boma zaka zambirimbiri osayenda, nde za 64, 65, 66 zilipo mbwee. Ndi koini yabwino kuyambira nayo, inenso yanga yoyamba inali yomweyo, koma si yosowa. Ikanakhala 1886 ya chilembo cha O, ya ku New Orleans, pamenepo kuchoka 64 kufika 65 mtengo umachulukitsidwa kakhumi nkupitirira, nde yoteroyo palibe amene angaisiye m'kabokosi kakale ngati ili ndi mwayi ngakhale pang'ono. Yanuyi ikakwera mwapindula pang'ono, koma muchotsepo ndalama yopimitsa, ya umembala kapena ya dila wokutumizirani, ya ndege kupita ndi kubwera, inshuwalansi, mupeza mwagwira ntchito yaulere. Ndipo zimenezo ndi ngati yakwera. Mkuluyo akufuna mulipiretu phindu limene silinabadwe, pamene chiopsezo chonse chili pa inu. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Wapamphuno apa ndi 64 walembedwayo.

Dikirani ndizimitse ketulo. Eya.

Ndikuuzeni zanga, anthu pagulupa sadziwa chifukwa ndinachita manyazi. Chaka china ndinapita ku chiwonetsero cha makoini kufupi ndi Chicago, ndinapeza hafu dola ya siliva ya m'ma 1940 m'kabokosi kakale, kampani yake sinditchula, dila sindimutchulanso, analemba 64. Pansi pa magetsi a muholo muja inkawala ngati mwezi, dilayo nkumati iyi ndi 65 yogona. Ndinalipira moonjezera, mtima uli dyokodyoko. Kufika kunyumba ndinalowa m'galaji, kukulunga kabokosi m'thaulo, kukapana ndi pulayala m'mbali mpaka kuti thwa, manja akunjenjemera kuopa kuti kachidutswa kakanda nkhope ya koini. Kutumiza. Kudikira masabata. Itabwera, palibe nambala alamu, angolemba kuti details, cleaned, kutanthauza kuti wina anaipukutapo kale. Nditaiika pansi pa nyali imodzi m'chipinda cha mdima nkuipendeka pang'onopang'ono ndinaziona ndi maso anga, timizere tating'ono ngati tsitsi la mwana tonse tolowera mbali imodzi, kutsogolo kwa chithunzi pamalo osalala paja. Tinalipo kuyambira kale, ine ndinkayang'ana lebulo osati koini. Ndinali ndi 64 yotsimikizika, ndinatsala ndi chinthu cha mtengo wongoposa siliva wake pang'ono, ndipo kabokosi ukaphwanya wekha chitsimikizo cha kampani chathera pomwepo, palibe kokadandaula.

Nde muone, ukale si umboni woti zonse zinali zokhwima. Kale makampaniwa analibe njira yolemba details, koini yovuta ankangoibweza m'kathumba osaipima, nde yokhala pamalire, yopukutidwa pang'ono, nthawi zina inkadutsa ndi nambala yotsikirapo. Mukabwerera m'mbuyo kwambiri, kampani ina yopima yotchedwa ANACS isanayambe timabokosi inkapereka satifiketi ya pepala yokhala ndi chithunzi, za kumayambiriro kwa m'ma 1980, zimenezo magiredi ake ambiri ndi ofewa kuposa a 1987, kuonjezera apo koini sinatsekeredwe, munthu akhoza kusinthanitsa. Nde mawu oti kale ankakhwima ali ndi zaka zake, si kale lililonse.

China chimene ogulitsa satchula, giredi ija ndi ya tsiku limene anaipima. Pulasitiki imateteza koma mpweya umalowabe pang'onopang'ono. Koini imene inaviikidwa m'mankhwala oyeretsera osatsukuluzidwa bwino imadzatuluka mawanga abulauni patapita zaka, ina inasungidwapo m'timatumba tofewa ta PVC imamera zobiriwira ngati ndere, ina akathyali anaipaka phala lobisa zipsera, tsiku lopima osaoneka, patapita zaka khumi nkuyamba kuchita chifunga pa tsaya. Za mkuwa nde zoipiratu, lebulo imati RD kutanthauza yofiira koma mkati yasanduka kale bulauni, nchifukwa chake a NGC chitsimikizo chawo pa makoini a mkuwa chimathera pa zaka 10. Yanu ndi siliva, 90 pa 100 alionse, siivuta choncho, komabe muiyang'ane mmene ilili lero osati mmene inalili tsiku limene anaipima.

Palinso nkhani ya feki. Ma rattler enieniwo anthu anawakopera kale mu 1989, nchimodzi mwa zifukwa anasinthira kabokosi, ndipo kuyambira cha m'ma 2008 kwabwera timabokosi tabodza tambiri tochokera ku China, koini yabodza, pulasitiki yabodza, koma nambala ya satifiketi yeniyeni yokopera pa intaneti. Nde inde, lowani pa webusaiti ya PCGS mulembe nambala ili pa lebuloyo muone ngati ikutuluka 1881-S MS64, ikapanda kutuluka thawani. Koma ikatuluka musavine msanga, zakalezi nthawi zambiri sizikhala ndi chithunzi pamenepo choti mufananize, nde nambala yokha sikutsimikizira kuti chili m'manja mwanucho nchomwecho. Morgan weniweni amalemera magalamu 26.73 koma ali m'kabokosi simungamuike pa sikelo, nde mpofunika maso a dila wodziwa, ku Johannesburg aliko ambiri, anthu a ma Krugerrand ndi mapaundi akale a Kruger aja timabokosi timeneti amatigwira tsiku ndi tsiku. Mumuuze mkuluyo kuti tiyeni tonse tikaonetse. Akayamba zoti ndilibe nthawi, pali wina akuifuna mawa, mwamva kale yankho.

Kuno kuli kampani ina, CAC, anayambitsa John Albanese mu 2007, yemweyo anali nawo poyambitsa PCGS ndi NGC. Iwowo amayang'ananso koini ili m'kabokosi kale, akaona kuti ikukwanadi giredi yake amamata kasitika kobiriwira kooneka ngati nyemba, akaona kuti inapimidwa motsika amamata kagolide. Kagolideko nkosowa kwambiri. Nde munthu akamati yanga ndi 65 yobisala, funso losavuta ndi loti kasitika kagolide kali kuti? Popanda kameneko ndi pakamwa pake chabe.

Chimodzi ndimuvomereze mkuluyo, alipo anthu amene amatolera timabokosi takale pa tokha, amalipira moonjezera chifukwa cha pulasitikiyo, makamaka tosowa ngati takuda toyambirira ta NGC ta 1987. Ka lebulo yobiriwira nkosasowa choncho koma kamawonjezerako pang'ono ndithu. Koma taonani, zifukwa zake ziwirizo zikumenyana zokha. Mukalipira chifukwa kabokosi nkakale ndiye kuti musakaphwanye, mukalipira chifukwa ikwera giredi ndiye kuti kabokosiko kachoka. Simungadye zonse ziwiri.

Paja mukukumbuka ma R5 a Mandela a 2008 aja, mmene anthu kumeneko anapengera nawo, aliyense kuthamangitsa kukapimitsa, mitengo kukwera chifukwa cha nambala ya pa lebulo, pamene anasindikiza mamiliyoni, inunso munandiimbira usiku nthawi imeneyo, haha, achemwali ndi mboni. Sindikukusekani, ndangokumbuka.

Nde chochita ndi ichi alamu. Ngati koiniyo mwaikonda, ndipo ndi yokongoladi, mupatseni mtengo wa 64, onani pa webusaiti ya Heritage Auctions, kampani yogulitsa makoini pa okushoni, mmene ma 1881-S a MS64 agulitsidwira miyezi yapitayi, muike kangachepe pamwamba chifukwa cha lebulo yobiriwirayo, osapitirira pamenepo, ndipo muisiye mmene ilili, osaphwanya, osapukuta, osaisunga kubafa kapena pawindo. Akakana mulekeni, ine nditha kukupezerani ina kuno sabata yomwe ino. Koma musanapereke kalikonse munditumizire zithunzi, kutsogolo, kumbuyo, lebulo pafupi kuti nambala iwerengeke, ndi m'mbali mwa kabokosi momwe anamatira muja. Komanso kavidiyo, muzimitse magetsi ena musiye nyali imodzi, muziipendeka pang'onopang'ono, ndikufuna ndione ngati kuwala kukuzungulira ngati masipoko a njinga komanso tsaya lija likuoneka bwanji. Osayatsa fulashi. Ndikupita kukatenga mwana kusukulu, ndikabwera ndiziona, mupereke moni kwa ana.