Mafunso Anu: Ndani ali ndi mawu pa mabedi a ICU ku England?

FUNSO: Ndine namwino, ndangoyamba ntchito m'chipinda cha odwala mwakayakaya (ICU) kuno ku England. Posachedwa kunabwera mayi wina, akuti ndi lead nurse wa network, n'kumafunsa kuti pa shifiti timakhalapo anamwino angati. Kodi amenewa ndi abwana athu? Namwino wa ku Yorkshire.

YANKHO: Ayi mayi, si abwana anu. Sangakulembeni ntchito, sangakuchotseni, ndipo ndandanda ya mashifiti anu saikhudza. Abwana anu ndi oyang'anira wodi ndi matron wa chipatala chanu.

Network ndi mgwirizano wa ma ICU a m'dera limodzi. Unayamba m'chaka cha 2000, boma la Britain litatulutsa lipoti la Comprehensive Critical Care, ndipo England inagawidwa m'magulu 29. Mu 2013 maguluwa anayamba kutchedwa Operational Delivery Networks. Ogwira ntchito m'gulu lotere ndi ochepa, ndipo malipiro awo amadzera ku chipatala chimodzi cha m'deralo chomwe chimawasunga.

Kawirikawiri pamwamba pamakhala anthu atatu. Medical lead ndi dokotala wamkulu wa ICU yemwe amapitirizabe kuona odwala, n'kumapatula maola ochepa pa sabata kuchita za network. Ntchito yake yaikulu ndi kugwirizanitsa madokotala anzake pa kachiritsidwe, komanso kuunika nkhani zomwe zalakwika pakati pa zipatala. Manijala, kwina amati director, amasunga ndondomeko ya ntchito za chaka, ndalama, misonkhano ndi malipoti opita kwa opereka ndalama a NHS, bungwe la boma loyendetsa zaumoyo. Lead nurse, ngati amene munawaonawo, amayang'ana chiwerengero ndi luso la anamwino.

Mafunso awo sanangowatola. Muyeso wake uli m'malangizo otchedwa GPICS, omwe anatuluka koyamba mu 2015. Wodwala wa level 3, monga amene ali pa makina opumira, akhale ndi namwino wakewake. Odwala a level 2, omwe ali bwinoko pang'ono, asapose awiri pa namwino mmodzi. Pa shifiti iliyonse, usana ndi usiku, pakhale namwino wamkulu wotsogolera yemwe alibe wodwala wake. Theka la anamwino, kapena kuposa apo, likhale loti linachita maphunziro apadera a ICU, ndipo anamwino obwereka asapose 20 pa 100 alionse pa shifiti. Chomwe chimayamba kusokonekera ndi wotsogolera uja: anthu akachepa amamupatsa wodwala, ndiye wina akadwalika mwadzidzidzi palibe womasuka woti athamangirepo.

Mphamvu ya network ili m'manambala basi. Lead nurse akalemba kuti wodi yanu ikuperewera pa muyeso, lipotilo limafika kwa akuluakulu a chipatala, pafupi ndi manambala a zipatala zoyandikana nazo. Choncho musawabisire kanthu. Wodi yomwe imadzikongoletsa pa tsiku la alendo imadzimana yokha anamwino owonjezera.

FUNSO: Bambo anga anagonekedwa mu ICU pafupi ndi kwathu, kenaka anawasamutsira kutali chifukwa akuti mabedi anatha. Anagamula zimenezi ndani? Wowerenga wa ku Midlands.

YANKHO: Pepani bambo, zimenezi zimapweteka. Chigamulo chimachokera kwa madokotala akuluakulu awiri, wotumiza ndi wolandira. A network sasankha wodwala. Iwo amakonza malamulo a kasamutsidwe, amaphunzitsa operekeza, ndipo pambuyo pake amaunika maulendowo.

Zifukwa zosamutsira wodwala zilipo zitatu. Kukalandira chithandizo chomwe kulibe pafupi, monga makina a ECMO, othira okosijeni m'magazi kunja kwa thupi, opezeka m'zipatala zochepa ngati Glenfield ku Leicester ndi Royal Papworth ku Cambridge. Kubwerera kufupi ndi kwawo. Ndiponso kusowa kwa bedi, komwe kunawachitikira bambo anu. Chachitatuchi chimayenera kukhala chomalizira, atayesa kutulutsa amene achira, kuimitsa maopareshoni osafulumira ndi kutsegula mabedi owonjezera. Chimene achibale ambiri sachidziwa n'chakuti amene amasamutsidwa nthawi zina si amene wangobwera kumene, koma amene thupi lake lakhazikika moti angapirire ulendo. Pa nthawi ya COVID-19 zoterezi zinachuluka, ndipo zipatala zinkalengeza kupanikizika kwawo ndi muyeso wa CRITCON, kuyambira 0 mpaka 4.

Ulendo wa wodwala wa pa makina opumira umafuna operekeza osachepera awiri odziwa ntchitoyi, nthawi zambiri dokotala ndi namwino. Asananyamuke amamulumikiza kaye ku makina a paulendo n'kumuyang'ana kwa kanthawi, chifukwa m'ambulansi yothamanga simungakonze zambiri. Okosijeni amawerengera kawiri. Wodwala wofuna malita 10 pa mphindi, pa ulendo wa mphindi 90, afunika malita 900. Kuchulukitsa kawiri ndi 1,800, kutanthauza masilinda anayi aang'ono a malita 460. Zolakwika zake n'zodziwika: mabatire a mapampu a mankhwala kutha, chubu chopumira kusuntha pomunyamula kuchoka pa bedi, ndi kufika uku mapepala kapena zithunzi za m'thupi zitatsala. N'chifukwa chake madera ambiri tsopano ali ndi magulu ongosamutsa odwala otere, monga Retrieve ya kumwera chakumadzulo kwa England, yomwe inayamba mu 2020.

Muli ndi ufulu wofunsa dokotala wamkulu chifukwa chake anasankha bambo anu ndi dongosolo lowabweza. Yankho likapanda kukukhutitsani, pitani ku ofesi ya PALS ya chipatalacho, yomwe imamva madandaulo a odwala ndi achibale.

FUNSO: Ndingafike bwanji pa udindo wa lead nurse wa network? Namwino wa Band 6 (giredi ya ntchito ndi malipiro), Glasgow, ku Scotland.

YANKHO: Dziwani kaye kuti zomwe tafotokozazi ndi za ku England, Scotland ili ndi dongosolo lake. Koma njira njofanana. Malizani maphunziro apadera a ICU, mutsogolere mashifiti, kenaka wodi kapena ntchito yophunzitsa anamwino. Maudindowa amakhala pa Band 8. Ambiri ofunsira amakhala akatswiri pa bedi la wodwala, koma amagwa pa zinthu ziwiri: kuwerenga malipoti oyerekeza ma ICU, monga a bungwe la kafukufuku la ICNARC, ndi kusonyeza kuti anasinthapo kachitidwe ka anthu omwe sawalamulira. Pemphani matron wanu akulowetseni m'kagulu ka m'dera koona za kusamutsa odwala kapena za maphunziro, ndipo mutengeko ntchito imodzi yokhudza zipatala zingapo, muiyendetse mpaka ithe.